Kukoka akatumba musanalowe m'bwalo: kukuthandizani kapena kukufoolani?

Loweruka lililonse pa mabwalo a mpira kuno ku Salima ndimaona zomwezo. Anyamata atsamira mtengo, mwendo umodzi kumbuyo, chitendene chili pansi, akukoka katumba osasuntha mpaka kochi aimbe wezulo. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo zimandikhudza, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti akulimbitsa mwendo.

Kuseri kwa msongolo kuli minofu iwiri ikuluikulu. Wapamwamba, gastrocnemius, umayambira pamwamba pa bondo. Wapansi pake, soleus, umayambira m'munsi mwa bondo. Yonse imathera mu mtsempha wa Achilles, uja mumaugwira ngati chingwe pamwamba pa chitendene. Pa mitsempha yolumikiza mnofu ku fupa, palibe wina wokhuthala ngati umenewu m'thupi lonse. Umagwira ntchito ngati mphira za legeni: phazi likaponda umatamuka n'kusunga mphamvu, likamanyamuka umaibweza. Ndipo aliyense amene anasakako mbalame ali mwana akudziwa kuti mphira zolobodoka siziponya mwala patali.

Kafukufuku amene akatswiri awiri, Kay ndi Blazevich, anasonkhanitsa mu 2012 anaonetsa kuti kukoka mnofu umodzi osasuntha kwa masekondi 60 kapena kuposera apo kumachepetsa mphamvu zake kwa kanthawi. Ubongo umatumiza uthenga wofooka ku mnofuwo, ndipo nawo umachedwerako kukungika. Kukoka kwa masekondi 30 kapena ochepera sikuwononga kanthu kooneka. Ndiye mtsikana wa netibo amene wakoka katumba mphindi ziwiri, kenako n'kukalumphira mpira, wadzibera yekha.

Nanga bwanji munthu akamakoka tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo phazi limapindika kwambiri? Kwakukulu n'chakuti thupi lazolowera ululu wa kukokako ndipo likulola kupita patsogolo. Mtsempha wa Achilles weniweniwo susintha kwenikweni. Ku Germany, katswiri wina, Warneke, ndi anzake mu 2022 anapezadi kuti akatumba anakula ndi kuwonjezera mphamvu chifukwa chokoka, koma anthuwo ankakoka ola lathunthu tsiku lililonse kwa masabata 6, phazi litamangidwa pa chipangizo. Wakabaza kapena msodzi wa ku Senga Bay ola limenelo alipeza kuti?

Chimene chimalimbitsa mtsempha ndi katundu. Imani pa sitepe ndi kutsogolo kwa phazi, kwerani ndi miyendo yonse, tsikani pang'onopang'ono ndi mwendo umodzi mpaka chitendene chipitirire sitepeyo. Njirayi anaitchukitsa Alfredson, dokotala wa ku Sweden, mu 1998 pothandiza ovutika ndi mtsemphawu: maulendo 15 katatu bondo lowongoka, katatunso bondo lopindika kuti soleus naye agwire ntchito, kawiri pa tsiku, kwa masabata 12. Zikayamba kupepuka, berekani chikwama cha mchenga. Mtsempha umasintha mochedwa kuposa mnofu, choncho musafooke pa sabata yachitatu.

Chinanso chimene ndimafunsa aliyense wobwera ndi ululu pachitendene: mwamwa ciprofloxacin, mankhwala opha mabakiteriya, posachedwapa? Mankhwalawa amatha kufooketsa mtsemphawu mpaka kuduka, makamaka kwa achikulire. Ngati mukumwa ndipo pakupweteka, siyani kuthamanga mukaonane ndi adokotala.

Musanayambe mpira, thamangani pang'ono mpaka kathukuta kabwere, lumphanilumphani, ndipo mukafuna kukoka katumba masekondi 20 akwana. Kukoka kwautali kuja kusungireni madzulo, mpira utatha.