2021: chaka chomwe tinaika a Kaunda m'manda n'kusinthanso boma

Ophunzira anga a mbiri ya dziko kuno ku Lusaka akandifunsa poyambira kuti amvetse Zambia wa lero, ndimawauza kuti ayambire pa 2021.

Mwezi wa June unali wowawa. Matenda a kolona anali atafika pachimake, zipatala zitadzaza. M'kati mwa zimenezo, pa 17 June, a Kenneth Kaunda, pulezidenti woyamba wa Zambia, anatisiya ku chipatala cha Maina Soko ali ndi zaka 97, ndipo pa 7 July anaikidwa ku Embassy Park. Chomwe ndimatsindika m'kalasi n'chakuti mu 1991, atalamulira zaka 27, mkuluyu anagonja kwa a Frederick Chiluba n'kuvomera. Mwambo wochoka pampando mwamtendere unayambira pamenepo. A Rupiah Banda anautsatira mu 2011.

Pa chisankho cha pa 12 August mwambowo unayesedwanso. Anthu anali ndi mkwiyo: boma linali litalephera kubweza ngongole zakunja mu November 2020, dola imodzi inkadya makwacha oposa 22, ufa ndi mafuta ophikira zitakwera. Achinyamata anafika pamzere kusanache, ena atavala mikanjo yomalizira maphunziro posonyeza kuti digiri alinayo koma ntchito palibe. Chithunzi chimenecho chimandikhudzabe.

Kuyambira 2016 lamulo limafuna kuti wopambana apeze mavoti oposa theka, apo ayi awiri otsogola abwerezenso. Sipanafunike zobwereza. A Hakainde Hichilema a chipani chotsutsa cha UPND, omwe anali atagwa kasanu, anapeza mavoti 2.8 miliyoni pomwe a Edgar Lungu a chipani cha PF, omwe anali pampando, anapeza 1.8 miliyoni. A Lungu anavomera, ndipo pa 24 August a Hichilema analumbira pa bwalo la National Heroes. Mu September nyumba ya malamulo inasankha mayi Nelly Mutti kukhala sipikala woyamba wamkazi.

Mpira nawo unatipukutako misozi. Ku Olympics ku Tokyo, Copper Queens, timu yathu ya mpira wa amayi, anachinyidwa 10-3 ndi Netherlands, koma zigoli zitatu zathuzo anamwetsa Barbra Banda yekha. Atakumana ndi China anamwetsanso zitatu, masewero n'kutha 4-4. Panalibe mkazi amene anachitapo zimenezi kawiri motsatizana pa mpikisanowu. Mu October, Patson Daka, atangolowa kumene Leicester City, anagoletsa zinayi usiku umodzi ku Moscow, pomenyana ndi Spartak.