Phungu wanu sasaina pangano ndi Mozambique, choncho muyeseni pa zimene angathe

Nkhani ya doko la Nsanje ikangobuka, kaya pamsika wa Bangula, pamaliro ku Ngabu kapena m'magulu a WhatsApp, mawu amene amamveka ndi omwe aja. Ena amati aphungu akuchigwa anagulidwa, n'chifukwa chake ali chete. Ena amatamanda amene analonjeza pamsonkhano kuti iye akangolowa m'Nyumba ya Malamulo sitima ziyamba kukocheza. Magulu awiriwa amatukwanizana, koma cholakwa chawo n'chimodzi: onse akuganiza kuti phungu ndiye amayendetsa ubale wa Malawi ndi maiko ena. Abale anga, si choncho, ndipo zikutopetsa kuona anthu akuponya voti pa chinthu chimene munthu akumusankhayo alibe nacho mphamvu.

Gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka kwa Pulezidenti mphamvu yokambirana ndi kusaina mapangano ndi maiko ena. Iye angathe kutuma nduna kapena kazembe kuti akasaine m'malo mwake. Gawo 96 limati nduna zimuthandize kusankha mapangano oti dziko lilowemo, kenako zidziwitse Nyumba ya Malamulo. Pamene Malawi inasiya Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China kumapeto kwa 2007, aphungu sanaponye voti yosankha pakati pa maiko awiriwo. Boma linagamula, anthu anamva chilengezo. Phungu pa nkhani zotere ali ngati mbale amene wabwera ku ukwati: akhoza kufunsa, kudandaula ndi kukana kusonkha, koma ankhoswe ndi ena.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya pa 23 October 2010. Tsiku limenelo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe wa Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa Zambia. Armando Guebuza wa Mozambique sanabwere. Ngalawa yonyamula feteleza imene anthu ankaiyembekezera inali itaimitsidwa ndi akuluakulu a Mozambique ku Marromeu, pa Zambezi. Anthu anabwerera kwawo osaona sitima, ndipo mpaka lero asodzi ndi amene amagwiritsa ntchito malowo.

Chinavuta n'chiyani? Yang'anani mapu. Kuchokera pa Chiromo pomwe Ruo amathira, Shire ndiye malire athu ndi Mozambique. Kumunsi kwa Nsanje mtsinjewu umalowa m'dziko lawo, n'kukathira mu Zambezi, amene amakafika kunyanja ya mchere cha ku Chinde, ulendo wa makilomita pafupifupi 240. Madzi ambiri a njira imeneyo ali m'manja mwa boma la ku Maputo. Maiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia, anali atasainirana chikalata chogwirizana mu 2007, koma a Mozambique ankaumirira kuti pachitike kaye kafukufuku woona ngati mtsinje ungayendeke ndiponso zimene kukumba mchenga kungachite ku chilengedwe. Ife tinamanga doko kafukufukuyo asanachitike. Atachitika, cha m'ma 2015, a Mozambique anati mtsinjewo sungapindulitse popanda kuukumba chaka ndi chaka pa ndalama zambiri, ndipo iwo ali kale ndi madoko awo a Beira ndi Nacala amene amafuna katundu wathu adzere kumeneko.

Tsono ndiuzeni, ndi phungu uti wa Nsanje kapena Chikwawa amene akanamasula ngalawa ija ku Marromeu? Palibe. Koma pali chinthu china chimene aphungu onse akanatha kuchita, ndipo ndi pamenepo pamene anthu anayenera kuwapanikiza. Akanafunsa nduna, simenti isanathiridwe, kuti chilolezo cha Mozambique chili kuti, kafukufuku watha liti, ndalama zichokera kuti ndipo adzabweza ndani. Anthu akuchigwa anagula malo, ena anasamutsidwa, ena anamanga malo ogona alendo poyembekezera mzinda wa doko. Iwo ankamvetsera amene ankaimba nyimbo ya doko mokweza, n'kumaona aliyense wofunsa mafunso ngati mdani wa chitukuko. Maganizo amenewa adakalipo. Pa kampeni iliyonse doko limauka, anthu amaombera m'manja, ndipo palibe amafunsa kuti a ku Maputo asintha maganizo liti.

Zida za phungu pa nkhani zakunja zilipo, kungoti sizimveka pa chimkuzamawu. Choyamba ndi funso lolembedwa kwa nduna. Phungu amalipereka ku ofesi ya mlembi wa Nyumba, limaikidwa pa ndandanda wa zokambirana, nduna imayankha m'Nyumbamo, ndipo yankholo limalembedwa mu Hansard, buku losunga mawu onse olankhulidwa mmenemo. Yankho la mu Hansard mungathe kudzaikumbutsa nalo nduna chaka chamawa, pamene lonjezo la pabwalo la sukulu limauluka ndi fumbi la galimoto. Palinso komiti ya aphungu yoona za ubale ndi maiko ena, imene ingathe kuitanitsa akuluakulu a unduna kuti afotokoze. Gawo 190 limati akazembe amene Pulezidenti wasankha atsimikizidwe ndi komiti yoona za kulembedwa ntchito kwa akuluakulu a boma, ndiye kuti munthu wopita kukatiimira ku Maputo amadutsa m'manja mwa aphungu. Gawo 211 limati pangano latsopano ndi dziko lina silikhala lamulo m'dziko muno pokhapokha Nyumba itakhazikitsa lamulo lonena choncho. Ndipo chida chachikulu ndi ndalama. Malinga ndi gawo 180, boma silingatenge ngongole popanda lamulo lovomerezedwa ndi aphungu, ndipo bajeti ya unduna uliwonse imadutsa m'Nyumbamo payokhapayokha.

Ngakhale pa ndalamapo pali malire amene anthu sawadziwa. Gawo 57 silola phungu kubweretsa bilu yowonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma popanda kalata ya nduna ya zachuma. Choncho amene akukuuzani kuti iye payekha adzaika ndalama za njanji mu bajeti akukunamizani. Chimene angathe ndi kukana kuvomereza ndalama za unduna mpaka nduna itafotokoza, ndi kukopa anzake akuchigwa kuti alankhule chimodzi.

Nkhani ya njanji ikusonyeza bwino mmene zinthu zimayendera. Njanji yochokera ku Beira kudzera ku Mutarara, Vila Nova da Fronteira, Marka, Nsanje mpaka Bangula inafa pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira anadula njira ya pa Chiromo mu 1997. Inayamba kuuka pamene maboma awiri anagwirizana: a Mozambique anakonza mbali yawo kufika pamalire, ife tinayamba makilomita 72 a Marka mpaka Bangula, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafika pa Marka. Apa a Mozambique anavomera chifukwa katundu akudzera pa doko lawo la Beira. Funso loyenera kwa phungu wanu lero si loti amakonda doko kapena njanji. Mufunseni kuti mu bajeti yapitayi ndalama za njanjiyi zinali zingati, zinatuluka zingati, ndipo nduna inayankha chiyani za kulumikiza Bangula ndi Makhanga kupita ku Limbe. Akasowa poyambira, mwadziwa chimene mumafuna kudziwa.

Kukhala chete kwa phungu nakonso anthu amakumasulira molakwika. Zinthu zambiri m'Nyumba ya Malamulo zimadutsa pongofuula, ovomera mbali iyi, okana mbali iyo, Sipikala n'kugamula. Dzina la munthu aliyense limalembedwa pokhapokha voti ikachitika moitana maina. Ndiye mukamva wina akunena kuti phungu wakutiwakuti anavotera kugulitsa dziko, mufunseni tsiku ndi tsamba la Hansard. Phungu amene ndi nduna safunsa boma mafunso m'Nyumbamo, chifukwa nduna zonse zimaimira chimodzi. Ameneyo mumuyese pa zimene unduna wake wachita. Koma phungu wamba asabisale kumbuyo kwa chipani. Ambiri amaopseza anthu ndi gawo 65, kuti akatsutsana ndi chipani mpando uwathera. Gawo lomwelo, ndime yachiwiri, limanena poyera kuti phungu aliyense ali ndi ufulu wovota mmene akufunira, ndipo mpando wake sungalandidwe pa chifukwa chokhacho chakuti wavota mosiyana ndi chipani chake.

Pa othawa kwawo napo pamalankhulidwa zambiri zopanda mutu. Mu December 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zitakula, anthu zikwizikwi anaoloka Shire ndi Ruo kulowa m'boma la Nsanje, ndipo ambiri anasungidwa ku Nyamithuthu, malo omwe anasunganso othawa nkhondo mtendere wa 1992 usanabwere. Ena ankati aphungu awathamangitse, ena ankati aphungu ndi amene awaitana kuti adzavote. Malawi inasaina pangano la maiko onse la 1951 lokhudza othawa kwawo, ndipo ili ndi lamulo lake la 1989. Kubweza mokakamiza munthu wothawa zoopsa n'koletsedwa, ndipo phungu alibe mawu pamenepo. Chimene akanayenera kufunsidwa n'chakuti wachitapo chiyani kuti midzi imene inagawana chakudya, mijigo ndi mankhwala ndi alendowo iwerengedwe nawo pa thandizo. Limenelo ndi funso la nduna, ndipo phungu ali ndi njira yolifunsira.

Tsopano pali chinthu chimene chikuwononga mabanja, ndipo chikuchokera pa chikhulupiriro chomwechi chakuti dzina la phungu limagwira ntchito kutsidya. Madobadoba aphunzira kudyerapo. Amabwera ndi kalata yokhala ndi chidindo, n'kunena kuti ndi ya abwana, ikuolotsani pa Marka popanda chiphaso, kapena imasula njinga yamoto, chimanga kapena ng'ombe zimene zagwidwa kutsidya. Wapolisi wa ku Mutarara kapena Morrumbala samvera phungu wa Malawi, ndipo kalata yotere ingathe kukuonjezerani mlandu. Ena amatolera ndalama kwa achinyamata ponena kuti phungu ali ndi malo a ntchito za kuminda ku Israel. Phungu sapereka chilolezo cholowera m'dziko la eni. Musanapereke tambala, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya paboma ngati kampani imeneyo ikudziwika, ndipo musalipire munthu amene akukana kupereka lisiti kapena akuti mutumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu wina.

M'bale wanu akagwidwa kutsidya, kaya polima kudimba, popha nsomba kapena pa malonda, musataye masiku mukudikira kuti phungu abwere kuchokera ku Lilongwe. Pitani kupolisi tsiku lomwelo. Nenani dzina lake lonse monga lilili pa chiphaso chaunzika, tsiku, malo, amene anamugwira ngati ndi apolisi, asilikali kapena anthu wamba, ndi katundu amene anatengedwa. Dziwitsani amfumu ndi ofesi ya DC, chifukwa apolisi ndi mabwanamkubwa a maboma a m'malire amalumikizana ndi anzawo a kutsidya. Nkhani ikakula, imapita ku unduna woona za ubale ndi maiko ena, umene uli ndi kazembe ku Maputo ndi ofesi ku Tete. Masiku oyambirira munthu amakhala akadali pa polisi yapafupi ndi malire, pomwe nkhani ingathe kukambidwa. Akangomusamutsira kundende ya kutali n'kutsegula mlandu m'Chipwitikizi, banja limayamba kugulitsa mbuzi kulipira omasulira ndi maloya. Phungu muuzeni ndithu, koma mutayamba mwadutsa kumene kuli mphamvu, ndipo chimene mumupemphe n'chakuti akakankhe unduna, makamaka ngati kugwidwa kwa anthu pamalo amodzi kwachuluka.

Kuchedwa kwina ndi kwa ife tonse. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo bajeti imakambidwa miyezi ya February ndi March. Amene akufuna kuti nkhani ya njanji, ya chipata cha Marka kapena ya akuba ng'ombe oolokera kutsidya imveke, alembe kalata chaka chisanathe. Ikhale ya tsamba limodzi, ya nkhani imodzi, yonena funso lenileni loti nduna iyankhe, yosainidwa ndi komiti ya chitukuko ya dera, amfumu kapena gulu la amalonda. Sungani kope lake, lembani tsiku limene mwapereka ndi amene walandira. Nyumba ikatseka zokambirana, funsani phungu kuti funsolo linafunsidwa tsiku liti ndipo yankho linali lotani. Ngati mukufuna kuona zikalata za boma pa ntchito ngati ya njanji, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limalola nzika iliyonse kulembera unduna kupempha.

Musaiwale kuti gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995. Amene munasankha mu September 2025 mukhala naye zaka zisanu. Mukadikira kampeni kuti mudzamufunse za Mozambique, bajeti zisanu zidzakhala zitadutsa, ndipo adzakuyankhani ndi lonjezo lina la doko.