Lona la thonje limafuna kutsetsereka, lisagone chafufumimba

Anthu ambiri amene ndimawaphunzitsa kumanga msasa amabwera ali ndi ganizo loti lona la thonje limatchinga mvula monga mmene pulasitiki imachitira. Ayi ndithu. Lonali ndi nsalu yolukidwa, ndipo pakati pa ulusi wake pali timipata. Likanyowa ulusiwo umafufuma, timipatato n'kutsekeka. N'chifukwa chake lona latsopano limawaza timadzi pa mvula yoyamba. Musanapite nalo kutchire, linyowetseni bwino, muliyanike mpaka liume, kenako mubwereze kangapo kuti ulusi ugwirane ndipo mabowo a singano m'misoko atsekeke.

Ngakhale litakhwima chonchi, lonali limadalira kuti madzi azitsetsereka msanga. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Likamangidwa mogona kwambiri, madzi amadikha pakati, kulemera kwawo kumakoka nsalu, ndipo posakhalitsa amayamba kudontha pamalo pomwepo. Lona la mamita 3 mbali zonse limakwanira munthu mmodzi kapena awiri. Kungani chingwe pakati pa mitengo iwiri chifike cha m'chiuno kapena pachifuwa, muponye lona pamwamba pake, mbali ziwirizo zitsike ngati denga la nyumba. Mbali yotsekeka ndiyo iyang'ane kumene mphepo ikuchokera. Zikhomo muzikhome mopendeka, pafupifupi madigiri 45, mitu yake itapenyera kutali ndi lona.

Mvula ikamagwa musakhudze lona mkati. Pamene pakhudza mutu, chikwama kapena bulangete, madzi amatsata pomwepo n'kulowa, ndipo sasiya mpaka nsaluyo itauma. Chingwe chapamwamba chija nachonso chimatenga madzi kuchokera ku mtengo n'kuwalowetsa mumsasa. Mangani kachingwe kakafupi pa chingwecho, kunja pang'ono kwa lona, kazilendewera. Madzi akafika pa mfundoyo amatsikira pansi. Ndi kanthu kakang'ono, koma ndimaona kuti ndi kamene kamaiwalika kawirikawiri.

Thonje likanyowa limafupikanso. Lona limene munakunga kwambiri dzuwa likuwala limathina usiku mvula ikayamba, mpaka kuzula zikhomo kapena kung'amba pa mphete zomangira zingwe. Mukaona mitambo yachita bii, khwefulani zingwe pang'ono. Mphete ikang'ambika musataye mtima: ikani kamwala kosalala mkati mwa nsalu, mukakulunge, mumange chingwe pakhosi pake. Pamagwira zolimba.

Malo omangapo asankheni dzuwa lisanalowe. Pansi pa nthambi zouma ayi, m'khwawa louma ayinso, chifukwa mvula yogwa kutali kumtunda imatha kudzaza khwawalo inu muli m'tulo.

Usiku wopanda mvula lona lomweli limasanduka pogona. Liyaleni pansi, muike mabulangete pa theka limodzi, theka linalo mudzifunditse, kumapazi mupindire mkati. Chimene ambiri sachidziwa n'choti nthaka imakoka kutentha kwa thupi kuposa mpweya wozizira, ndipo lona palokha silitenthetsa. Choncho pansi panu payenera kukhala zofunda zochindikala, kaya kamatiresi kopyapyala, kaya udzu wouma kunsi kwa lona. Nkhope isiyeni panja. Mpweya umene mumapuma uli ndi chinyezi, ndipo mukadziphimba mutu wonse mudzadzuka bulangete litanyowa.

Mbaliwali za moto sizibowola lona la thonje msanga ngati nayiloni, komabe limapsa, makamaka lopakidwa phula. Moto ukhale patali, ndipo makala oyaka asalowe mumsasa wotseka, chifukwa mpweya wake ulibe fungo koma umapha.

Mukabwerera kunyumba musalipinde lili lonyowa, ngakhale atakhala mame chabe. Limachita chuku m'masiku ochepa, ulusi n'kuyamba kuola. Litambasuleni liume mbali zonse, makamaka m'misoko ndi m'mphepete mopindidwa mmene chinyezi chimachedwa kuchoka. Dothi lichotseni ndi bulashi ndi madzi okha, popeza sopo amatsuka mankhwala otchinga madzi amene anapakidwa pa nsaluyo.