Nambala ya pa makina sindiyo luso la mwana wanu

Mwezi wa Epulo ukangofika foni yanga sipuma. Kholo lina latenga nambala yanga kwa mnzake wa kutchalitchi, lina kwa kochi wa timu, koma onse poyambira pawo m'pamodzi: "Bambo, mwana wanga akuponya 92." Dzina la mwanayo satchula, zaka zake satchula, za mkono wake osanenako n'komwe. Angotchula nambalayo basi, n'kukhala chete kudikira kuti ndidzidzimuke. Zandikwana, choncho ndilembe kamodzi pano kuti wina akaimbanso ndizingomutumizira.

Ndimagwira ntchito ya u-scout wa baseball kuno ku America. Ndimazungulira masukulu a sekondale m'chigawo chomwe anandipatsa, n'kumalemba malipoti a anyamata omwe angatengedwe pa draft ya mu Julaye, mwambo womwe matimu akuluakulu amasinthana kusankha osewera atsopano mmodzimmodzi. Za malamulo a masewerawa sindifotokoza, ngati mwana wanu amasewera ndiye kuti mwakhala kale pa mabenchi aja mpaka matako kuwawa.

92 ameneyo ndi liwiro la mpira, mamailosi pa ola, loyezedwa ndi kamakina konga kaja amagwira apolisi apamsewu. Mu ligi yayikulu ya MLB mpira wothamanga wa woponya wamba umakhala cha m'ma 94. Ndiye kholo limawerengera kuti mwana wangotsala ndi ziwiri kuti afike. Samu imeneyi ndi yomwe yathyola mikono ya ana ambiri kuposa china chilichonse chomwe ndaonapo.

Ife sitigula mnyamata wa lero. Timu ikatenga mwana wa zaka 18 imadziwa kuti akhala zaka zinayi kapena zisanu m'maligi ang'onoang'ono asanaponde bwalo lalikulu, ngati n'komwe adzalipondeko. Choncho chinthu chilichonse chomwe ndikuyeza ndimachipatsa manambala awiri, ya lero ndi ya m'tsogolo, pa sikelo yoyambira 20 kulekeza 80. Pa sikelo imeneyi 50 ndiye wosewera wamba wa mu MLB. Osati wa kusekondale, wa mu MLB. Makolo amakwiya akamva kuti mwana wawo, katswiri wa tauni yonse, ndamulemba 35 pa kumenya mpira, chikhalirecho 35 wa mwana wa zaka 17 ndi nambala yoti munthu apite nayo kunyumba akumwetulira. Nambala yachiwiri ija ndiyo imandipatsa malipiro, ndipo makina sangandiuze.

Ndimaiona pa thupi. Anyamata awiri aponye 90 tsiku limodzi. Woyamba ndevu zamera kale, chifuwa chadzadza, zaka 19 wakwanitsa, ndipo mpira uliwonse akuuponya ndi thupi lonse, mutu kugwedezeka, chipewa kugwa, mapeto ake kudzandira kumbali kwa kachulu kaja komwe woponya amaimapo. Wachiwiri ndi wowonda ngati bango, wamtali, mapewa otambalala koma opanda mnofu, sanakwane 18, ndipo 90 wakeyo akutuluka ngati akusewera ndi mng'ono wake kuseri kwa nyumba. Woyambayo watipatsa kale zonse zomwe ali nazo. Wachiwiriyo sanayambe n'komwe. N'chifukwa chake mukandiona ndikupatsa moni bambo ndi mayi a mwana musaganize kuti ndi ulemu wokha, ndikuyang'ananso msinkhu wawo ndi kukula kwa manja awo.

Ndimafika pabwalo ola lathunthu masewero asanayambe, chifukwa m'mene mnyamata amatenthetsera thupi pamene akuganiza kuti palibe akumuona ndi momwe alili. Masewero akayamba, ma scout enafe timachoka kumbuyo kwa ukonde n'kukaima cha m'mbali kuti tione njira yomwe mkono ukudutsa: kodi phazi lakutsogolo likamaponda pansi, mkono wafika kale m'mwamba kapena ukutsalira? Kodi mpira wa nambala 80 ukufanana ndi wa nambala 10? Mnzake akagwetsa mpira wosavuta, nkhope yake ikutani? Kodi ali ndi mpira wachiwiri, wokhota kapena wonyenga, womwe angaponye molimba mtima zinthu zitathina? Mnyamata wa mpira umodzi wothamanga amaopsa anzake a kusekondale okha. Akuluakulu aja 95 wowongoka amamumenya ngati akupuntha chimanga.

Amene akutsutsa akumbukire draft ya 2014. Timu ya Miami Marlins inatenga Tyler Kolek pa nambala 2, mnyamata wa ku Shepherd ku Texas yemwe ankafika 100 akadali pa sukulu, n'kumupatsa madola 6 miliyoni. Mu 2016 anachitidwa opaleshoni ya chigongono ndipo mu MLB sanaseweremo ngakhale kamodzi. Yemwe anatengedwa pa nambala 1 chaka chomwecho, Brady Aiken, nayenso wa kusekondale, sanasayine n'komwe ndi Houston Astros madokotala a timuyo ataona china chake m'chigongono chake, ndipo chaka chotsatira mpeni unamupeza. Aaron Nola, yemwe sankadabwitsa aliyense pa makina koma ankaika mpira pomwe wafuna, anatengedwa pa nambala 7 kuchokera ku koleji ndipo wadya zaka zambiri akuponyera Philadelphia Phillies. Chiyambireni draft mu 1965, palibe timu yomwe inaikapo nambala 1 pa woponya wa dzanja lamanja wochokera ku sekondale. Matimu si opusa, amadziwa kuti mkono wa mwana ndi dzira.

Kwa omenya mpira nkhani yake ndi yomweyo, kungoti nambala yomwe makolo amanyamula ndi ina. "Akumenya .500." Ndiye kuti pa mipata iwiri iliyonse akumenya bwino kamodzi. Koma akumenya ndani? Ndi bat (ndodo yomenyera mpira) yanji? Kusekondale amagwiritsa ntchito yachitsulo, yomwe imakhululuka ngakhale mpira ukhudze pafupi ndi manja. Yamtengo ilibe chisoni, imathyoka kapena mpira umangogubuduka. Ndimafuna kuona manja ake ali ndi changu chotani, ndiponso ngati maso ake amazindikira mpira wokhota usanafike. Kuthamanga n'kosavuta kuyeza, mayadi 60 pansi pa masekondi 6.8 ndiye kuti miyendo ilipo. Koma kumenya n'kovuta kulosera kuposa zonse, ndipo ifenso timaphonya. Mike Trout mu 2009 anatsalira mpaka nambala 25, mwa zina chifukwa ankasewera ku Millville ku New Jersey, kozizira, komwe nyengo ya masewero ndi yaifupi ndipo ma scout ambiri sanamuone mokwanira.

Tsono pali mnyamata mmodzi yemwe mpaka lero amandisowetsa tulo. Dzina lake ndi sukulu yake sinditchula. Ndinamuona koyamba ali ndi zaka 16, wamanzere, wamtali, akuponya 86 kapena 87 mosavutikira, ndi mpira wokhota womwe unkagwa ngati wagwera m'dzenje. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti uyu asiyidwe akule yekha, pofika zaka 21 adzakhala pa 93 popanda womukankha. Bambo ake anali munthu wabwino, wogwira ntchito ziwiri, wosaphonya masewero. Wina anawauza kuti mwana wosafika 90 ma scout samuyang'ana. Ndiye m'nyengo yozizira, nthawi yomwe mkono umayenera kupuma, anamulembetsa kwa katswiri wina wodzitcha yekha yemwe ankaphunzitsira m'shedi ya katundu, wolonjeza kuwonjezera liwiro m'masabata owerengeka. Ankamuponyetsa mipira yolemera, mothamanga, ndi mphamvu zonse, kangapo pa sabata. Atachoka kumeneko analowa m'mipikisano ya kumapeto kwa sabata ya matimu oyendayenda, kenako ligi ya sukulu n'kuyamba. Chaka chonse mkono sunaone tchuthi.

Nditamuonanso mu Malichi, makina anawerenga 93. Apa ndi pomwe pamandiwawa: ndinasangalala. Ine amene ndikukukalipiraniyu ndinakweza nambala yake usiku womwewo n'kuimbira bwana wanga kuti abwere adzamuone. Pa masewero achitatu m'pamene ndinaona zomwe ndinayenera kuona pa oyamba. Akaponya ankakutumula dzanja ngati lanyowa. Ali pa benchi ankatsina mkati mwa chigongono ndi chala chachikulu, n'kumafumbata ndi kufumbatula dzanja. Mpira wokhota uja unali utasowa, ndipo wothamangawo unkathawira m'mwamba. Masewero atatha ndinawatengera pambali bambo aja n'kuwafunsa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kakumupweteka pang'ono chabe. Tikumupatsa mapilitsi ndi ayezi. Draft ikangodutsa tipita kuchipatala." Ndinawauza kuti apite sabata yomweyo. Sanapite, ndipo ine sindinawakakamize mokwanira. Patapita masabata asanu mwana anaponya mpira umodzi, n'kugwira chigongono, n'kutsika pa kachulu paja osayang'ana munthu. Mtsempha unali utaduka. Pa draft dzina lake silinamveke, ndipo atachira 86 wofewa uja sanabwererenso.

Madokotala a zamasewero adzakuuzani kuti mtsempha umenewu, womwe amautcha UCL, kawirikawiri suduka tsiku limodzi. Umayamba kulezuka pang'onopang'ono ngati chingwe cha pachitsime. Ukapezeka msanga, nthawi zambiri kupuma ndi mafizo zimakwanira. Ukaduka ndiye opaleshoni ya Tommy John, yomwe Dr. Frank Jobe anayamba kuchita mu 1974: amatenga mtsempha pena, kawirikawiri pa mkono kapena pa mwendo, n'kuboola fupa n'kuulowetsa. Kuchira kwake ndi chaka kapena chaka ndi theka. Ndipo ndamvapo ndi makutu angawa kholo likufunsa ngati mwana angachitidwe opaleshoniyi mkono uli bwinobwino, ati kuti azidzaponya mwamphamvu. Bodza limeneli sindidziwa analiyambitsa ndani. Amene amabwerera akuponya bwino ndi chifukwa cha chaka chathunthu cholimbitsa thupi ndi kupuma, osati mpeni, ndipo ena sabwerera n'komwe.

Kubisa kuvulala kuti draft idutse ndi nzeru yopanda mutu. Palibe timu yomwe imapereka ndalama isanamuyeze mwana, ndipo woponya amalowetsedwa mu MRI, makina ojambula mkati mwa thupi. Zomwe mwabisa mu Epulo zidzaonekera poyera mu Julaye, zitakula, ndipo pamwamba pake timu idzadziwa kuti banja lanu limanama. Mwana akanena kuti mkati mwa chigongono mukupweteka, kachala kakang'ono ndi koyandikana nako kakuchita dzanzi, mkono sukuwongoka bwino m'mawa, kapena liwiro latsika mwadzidzidzi, aleke kuponya tsiku lomwelo ndipo akaonedwe ndi dokotala wa mafupa wodziwa za osewera. Osati wosisita wa ku gym, osati kochi, osati ine.

Malire ake analembedwa kale, ndipo ndi aulere. MLB ndi USA Baseball anatulutsa ndondomeko ya Pitch Smart mu 2014: wa zaka 15 ndi 16 asapitirire mipira 95 pa tsiku, wa 17 ndi 18 asapitirire 105, ndipo akaponya yambiri chotero apume masiku anayi. Pa chaka akhale miyezi inayi osaponya pa mpikisano, iwiri kapena itatu mwa imeneyo yotsatizana osaponya n'komwe. Vuto n'lakuti mwana amasewera matimu awiri kapena atatu, ndipo kochi aliyense amawerenga zake zokha. Wowerenga zonse pamodzi ndi inu. Gulani kabuku.

Za anthu ofuna ndalama zanu ndinene mwachidule, chifukwa ndikayamba sindimaliza. Scout weniweni salipiritsa kholo ngakhale senti, amalipidwa ndi timu yake. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti dzina la mwana lifike pa tebulo la matimu, kapena akulonjeza kuti mwana adzatengedwa pa round (gawo la draft) yakutiyakuti, tsekani chikwama. Ine ndemwe, amene ndimalemba malipotiwo, sindingalonjeze zimenezo, chifukwa pamwamba panga pali wina wobwera kudzatsimikiza zomwe ndaona, ndipo pamwamba pa iyeyo pali wamkulu wosankha. Ziwonetsero zolipira zija, zomwe mwana amaponya mipira khumi ndi mphamvu zonse kuti nambala ikalembedwe pa intaneti, zina n'zothandiza, koma chimodzi kapena ziwiri pa chaka zakwana, ndipo osapitako mkono uli wotopa kapena m'nyengo yopuma. Ndaonapo mabanja akuwononga ndalama zokwana fizi ya koleji pa mahotela ndi mafuta kuthamangitsa ziwonetsero zomwe scout aliyense analipo anali ataona kale mwanayo.

Kuyambira 2021 draft ili ndi ma round 20 okha, kuchoka pa 40 akale, anthu pafupifupi 600 m'dziko lonse la America pamodzi ndi Canada ndi Puerto Rico, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku koleji. Mwana wa sekondale akapanda kutengedwa sanaluze kanthu. Akapita ku koleji ya zaka zinayi adzalowanso mu draft akatha zaka zitatu kapena akakwanitsa zaka 21, ndipo akapita ku ya zaka ziwiri angathe kulowanso chaka chotsatira chomwecho. Paul Skenes, yemwe anatengedwa pa nambala 1 mu 2023, pochoka ku sekondale palibe timu inamutenga. Anadzera ku Air Force Academy, kenako yunivesite ya Louisiana State (LSU).

Ndiye mukandiimbira, 92 uja musungeni kaye. Ndikufunsani tsiku lobadwa la mwana, matimu angati akusewera, mipira ingati anaponya sabata yatha, ndi mwezi womwe anamaliza kupuma. Mukayankha zimenezo bwinobwino, ndifunsa ndandanda ya masewero ake, ndipo tsiku lomwe ndidzabwere sindikuuzani.