Kuchepetsa thupi mosabwerera m'mbuyo

Anthu ambiri amene amabwera kudzafuna uphungu wa kachepetsedwe ka thupi amakhala kuti anachepetsapo kale, ena mobwerezabwereza. Amasiya nsima kwa mwezi wathunthu, amamwa madzi a mandimu m'mawa uliwonse, sikelo imatsikadi ndipo zovala zimayamba kukhwefuka, koma chaka chisanathe makilogalamu onse aja amabwerera, nthawi zina ndi ena owonjezera. Zikatero munthu amadziimba mlandu kuti ndi wosadzigwira. Kawirikawiri vuto silikhala mwa iye, koma m'njira imene anasankha, yomwe palibe amene angaitsatire kwa zaka zisanu. Thupi limalimbana ndi kuonda kulikonse, choncho kusintha kumene kumathandiza ndi kokhako kumene munthu angakhale nako moyo wake wonse, pakhomo pake, ndi ndalama zimene ali nazo.

Si aliyense wooneka wojintcha amene ayenera kuchepetsa thupi. Kuchipatala timagwiritsa ntchito muyezo wa BMI, woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ndipo mukhoza kuwerengetsa nokha: tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugawe ndi kutalika kwanu m'mamita, kenaka yankho limenelo muligawenso ndi kutalika komweko. Mayi wolemera makilogalamu 80 amene ndi wamtali mamita 1.6 amapeza 31. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi thupi loyenera, kuyambira 25 munthu wayamba kupitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumawerengedwa ngati matenda. Komabe ine ndimakhulupirira kwambiri muyezo wa m'chiuno, chifukwa mafuta oopsa ndi amene amaunjikana m'mimba, kukuta chiwindi ndi matumbo. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, muchipinde pawiri, ndipo muchizunguze pamimba chapafupi ndi mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mimba yakula kuposa theka la msinkhu wanu, ndipo chiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko chakwera, ngakhale miyendo ndi manja zili zowonda.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015–16 anapeza kuti mwa amayi asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno, mmodzi anali wonenepa mopitirira muyezo, ndipo m'mizinda chiwerengerocho chinali chokwera kwambiri kuposa kumudzi. Vutoli limavuta kulikamba chifukwa kwathu kuno munthu akanenepa amayamikiridwa kuti zinthu zikumuyendera, mkazi akadzaza thupi amati mwamuna akumusamala bwino, ndipo kwa zaka zambiri za mliri wa Edzi kuonda kunkachititsa anthu kunong'onezana. Amene akufuna kuchepetsa thupi ayembekezere mafunso a achibale, ndipo ndi bwino kuwauza poyera kuti ndi dala, chifukwa cha BP kapena shuga.

Cholinga chisakhale kubwerera pa thupi la pa tsiku la ukwati. Kuchotsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu, ndiye kuti makilogalamu 5 mpaka 9 kwa munthu wa makilogalamu 90, kumatsitsa kale shuga ndi BP komanso kumapeputsa maondo. Ku America, kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Gulu limene linauzidwa kuchotsa 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata linachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 peresenti, pamene gulu limene linapatsidwa mankhwala a metformin linachepetsa ndi 31 peresenti. Kutsika kwa theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata n'kokwanira. Makilogalamu atatu amene amachoka m'sabata yoyamba munthu akasiya nsima, gawo lalikulu amakhala madzi, ndipo amabwerera akangoyambanso kudya.

Chimene chimachitika m'thupi munthu akaonda chiyenera kumveka bwino, chifukwa m'pamene ambiri amagwera. Thupi laling'ono limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kusiyana ndi lalikulu, moti chakudya chimene chinkakuondetsani poyamba chimasiya kukuondetsani pakapita miyezi ingapo. Kuwonjezera apo, mahomoni oyang'anira njala, timadzi ta m'thupi timene timauza ubongo ngati munthu wakhuta kapena ali ndi njala, amasintha. Madokotala a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anaonetsa mu 2011 kuti anthu amene anaonda ndi makilogalamu pafupifupi 13 m'masabata khumi anali adakali ndi homoni yodzutsa njala, yotchedwa ghrelin, yokwera ngakhale patatha chaka chathunthu, ndipo ankamva njala kuposa mmene ankamvera asanayambe. Njala imeneyi si ulesi kapena dyera. Ndiye chifukwa chake kadyedwe kodalira kupirira njala kamalephera, pamene kadyedwe kodzaza mimba ndi zakudya za makalori ochepa (makalori ndi muyezo wa mphamvu zimene chakudya chimapereka m'thupi) kamakhalitsa.

Poyambira pabwino ndi pa zakumwa, popeza shuga wa m'madzi sakhutitsa. Botolo la chakumwa chozizira la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi timasupuni tating'ono 8, pamene WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire timasupuni 12 pa tsiku lonse, ndipo ikadakonda atamalekera pa 6. Munthu amene amathira masupuni atatu m'kapu ya tiyi, n'kumwa makapu awiri m'mawa ndi ina kuntchito, wafika pa 9 asanakhudze Fanta, Sobo kapena thobwa lotsekemera. Shuga wathu amaikamo vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chomudyera wambiri, popeza vitamini yemweyo ali m'mango, m'mapapaya, m'maungu ndi m'mbatata yofiira m'kati. Chepetsani supuni imodzi masabata awiri alionse, lilime limazolowera. Mowa nawo uli m'gulu lomweli: botolo limodzi la mamililita 330 limakhala ndi makalori pafupifupi 140, Chibuku ndi masese zili ndi chimanga chambiri, ndipo mowa suyenda wokha, umayenda ndi kanyenya.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri a m'tauni amanenepera osadziwa. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya sitachi kapena shuga ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori 120. Taonani mmene ndiwo zimaphikidwira m'makhitchini ambiri: wophika amapendeketsa botolo mpaka pansi pa poto padzaza, amakazingiramo anyezi ndi tomato, nsomba imakazingidwa payokha m'mafuta ena isanalowe mumsuzi, ndipo repu amafika patebulo akunyezimira. Banja la anthu asanu limene limamaliza malita asanu pa mwezi limapatsa munthu aliyense makalori oposa 250 tsiku lililonse kuchokera m'mafuta okha. Njira yake ndi kuyeza ndi supuni m'malo mothira ndi botolo, kuwotcha kapena kuphika nsomba ndi nkhuku m'malo mokazinga, ndi kuchotsa chikopa cha nkhuku. Ndiwo zotendera ndi zabwino kuposa zosambira m'mafuta chifukwa nsinjiro zili ndi zomanga thupi, koma mtedza nawo pafupifupi theka lake ndi mafuta, choncho mukatendera musathirenso mafuta.

Nsima sindiletsa, ndipo ndimakayikira uphungu uliwonse umene umauza Mmalawi kuti aisiyiretu, chifukwa adzaisiya kwa masabata ochepa basi. Vuto ndi kuchuluka kwake poyerekeza ndi ntchito imene munthu amagwira. Mitanda itatu kapena inayi ndi yoyenera kwa mlimi amene wakhala akuunga mizere kuyambira mbandakucha, kapena wakabaza wopalasa njinga tsiku lonse, koma munthu wokhala pampando muofesi n'kubwerera kunyumba pagalimoto safunika yochuluka chotero. Amene amadya mitanda itatu atsike pa iwiri, akazolowera atsike pa umodzi ndi theka, ndipo malo amene atsala m'mbale adzazidwe ndi ndiwo. Theka la mbale likhale masamba, monga bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, therere, mpiru kapena kabichi. Gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nandolo, khobwe, nzama, usipa, mazira kapena nyama. Ndipo gawo lotsalalo ndilo la nsima. Izi n'zosiyana ndi chizolowezi chathu chotenga ndiwo ngati chongotsitsira nsima, koma zikugwirizana ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana.

Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa chimanga chikakonoledwa n'kuviikidwa, gaga ndi kamtima kake zimachoka, ndipo m'menemo ndi mmene muli zinthu zokhalitsa m'mimba. Koma makalori a mgaiwa ndi a ufa woyera sasiyana kwenikweni, moti mitanda inayi ya mgaiwa imanenepetsabe. Chimodzimodzinso amene amasiya nsima n'kumadzaza mbale ndi mpunga, chinangwa kapena buledi wa bulauni sanasinthe chilichonse chachikulu. Zipatso idyani zathunthu m'malo mozifinya, chifukwa malalanje anayi amamweka m'kapu imodzi koma ndi ochepa amene angawadye onse pa nthawi imodzi.

Chakudya cha masana cha ogwira ntchito m'tauni ndi nkhani payokha. Chipisi cha pachiwaya, zigege, mandasi, masoseji ndi mabisiketi zimadyeka msanga ndipo zimadzaza makalori ambiri m'kachakudya kochepa. Mu 2019 Kevin Hall ndi anzake ku bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la National Institutes of Health ku America anagoneka anthu 20 m'chipatala kwa mwezi umodzi, n'kumawapatsa zakudya zopangidwa m'mafakitale kwa masabata awiri ndi zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe kwa masabata awiri, aliyense akudya mmene akufunira. Pa zakudya za m'mafakitale anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku, ndipo ananenepa. Kontena ya nyemba, masamba ndi mbatata yowiritsa yochokera kunyumba imateteza thupi ndi thumba lomwe.

Masewera olimbitsa thupi paokha saondetsa kwambiri. Munthu wa makilogalamu 80 akayenda ndawala kwa mphindi 30 amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 150, omwe amabwerera ndi botolo limodzi la chakumwa chozizira. Wofufuza wina, Herman Pontzer, atayeza anthu a mtundu wa Ahadza a ku Tanzania, amene amayenda mitunda italiitali posaka nyama ndi kukumba mizu, anapeza mu 2012 kuti mphamvu zimene matupi awo amagwiritsa ntchito pa tsiku sizisiyana kwenikweni ndi za anthu a ku Ulaya ndi ku America a matupi ofanana nawo. Ntchito yaikulu ya masewera imaoneka pambuyo, posunga thupi kuti lisabwerere. Kaundula wa National Weight Control Registry, amene Rena Wing ndi James Hill anayambitsa mu 1994, amalemba anthu amene anachotsa makilogalamu oposa 13 n'kukhala chaka kapena kuposerapo osabwerera, ndipo ambiri mwa iwo amachita masewera pafupifupi ola limodzi pa tsiku, makamaka kuyenda, amadya kadzutsa, komanso amakwera sikelo kamodzi pa sabata kapena kuposerapo. WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Sipafunika jimu, kutsika minibasi siteji imodzi musanafike, kulima padimba, kukwera masitepe ndi kuyenda ndawala madzulo zonse zimawerengedwa, bola mtima ugunde mofulumirirapo mpaka muzitha kulankhula koma osatha kuimba.

Kukwera sikelo sabata iliyonse, m'mawa, tsiku lomwelomwelo, kumathandiza kuona makilogalamu awiri akamabwerera pambuyo pa Khirisimasi, maukwati ndi zinkhoswe, pamene kuwachotsa kudakali kosavuta. Tulo nato n'tofunika, chifukwa munthu wogona maola osakwana 7 amamva njala kwambiri tsiku lotsatira ndipo amalakalaka zotsekemera. Ndipo popeza pakhomo pamaphikidwa mphika umodzi, kusinthaku kuyenera kukambidwa ndi amene amagwira mthiko, kaya ndi mayi a pakhomo, mwana kapena wantchito, apo ayi supuni yoyezera mafuta ija idzangokhala m'kabati.

Tiyi ndi makapisozi oondetsa amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, kotero chimene chimachoka ndi madzi, ndipo angathe kuwononga impso ndi chiwindi. Mankhwala enieni alipo, monga jakisoni wa semaglutide, amene m'kafukufuku anachotsa pafupifupi 15 peresenti ya kulemera, koma ndi okwera mtengo, amafuna dokotala, ndipo amene anasiya anabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a kulemerako m'chaka chimodzi. Palinso mankhwala amene amanenepetsa anthu ena, monga prednisolone, jakisoni wolera wa miyezi itatu, ena a matenda a maganizo, ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir. Musawasiye panokha, kambiranani ndi a chipatala. Amayi oyembekezera asayese kuchepetsa thupi, ndipo odwala shuga amene amamwa mankhwala a glibenclamide kapena kubaya insulini aonane ndi dokotala asanachepetse chakudya, chifukwa shuga angatsike mpaka kukomoka. Munthu amene akuonda popanda kusintha kadyedwe, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite akayezetse TB, HIV ndi shuga sabata yomweyo.