Thalauzi ya pa snow: musafinye kunenepa kwake, itembenuzeni kaye

Sabata yatha kunabwera mtsikana wina ku shopu kwanga kuno ku Limbe atanyamula thalauzi yakuda yonenepa ngati bulangete, akuti waipeza pa belo ndiye ndimudulire miyendo chifukwa mu July akupita kwa achemwali ake ku Johannesburg kenako onse akwere ku Afriski, ku Lesotho, kukayesa zotsetsereka pa snow zija. Ine ndinangoitembenuza. Mkati monse munkayoyoka tinthu toyera ngati gaga, timatepi ta m'misoko tamatuka tikulendewera. Ndinati asisi, iyi ndalama yodulira musawononge, yatha ntchito. Nkhope inagwa, ndipo zinandikhudza chifukwa ndi zomwezi zomwe ndimaona chaka ndi chaka kwa azimayi omwe akupita kusukulu kapena kuntchito ku Canada, ku Scotland, ku Norway, amagula ndi dzanja, kufinya, ikakhala yonenepa basi ndiye yabwino.

Ntchito yanga ndi utelala, koma kwa zaka zambiri ndakhala ndikukonza majekete ndi mathalauzi a anthu okwera mapiri, makamaka a ku Mulanje, ndiye nsalu zimenezi ndazing'amba ndi kuzimata kokwanira. Thalauzi yomwe azungu amaitcha shell ntchito yake si kufunditsa ayi. Ndi chikopa chabe, chopyapyala, chotchinga madzi ndi mphepo. Kutentha kumachokera ku zomwe mwavala mkati. Ndipo ine kwa munthu amene akuphunzira kumene ndimakonda yopyapyalayi kuposa yonenepa, chifukwa kuphunzira ski (kutsetsereka pa timatabwa tiwiri, phazi lililonse kake) kapena snowboard (thabwa limodzi lomangapo mapazi onse awiri) ndi ntchito yakalavula gaga, mugwa mudzuka mugwa mudzuka, thukuta kamukamu ngakhale kunja kukuzizira koopsa, ndiye mu yonenepa ija mulibe pothawira. Mu shell mukhoza kuchepetsa kapena kuwonjezera zamkati malinga ndi tsiku. Komanso mukabwera nayo kuno siigona mu sutikesi, muvala pa chiperoni, muvala pokwera Sapitwa. Zamkatizo zikhale za poliyesitala kapena ubweya wa nkhosa za merino. Jinzi ndi leginzi ya thonje ayi ndithu, thonje likamwa thukuta siliuma, limakumamatirani lozizira tsiku lonse.

Tsopano manambala aja mumawaona pa lebulo, 5,000mm, 10,000mm, 20,000mm, ena amalemba 10K kapena 20K. Poyesa amaimika chipaipi pamwamba pa nsalu n'kumathiramo madzi mpaka ayambe kudontha kunsi, ndiye 10,000mm zikutanthauza kuti nsaluyo inapirira madzi otalika mamita 10. Zikumveka zambiri eti? Koma kumbukirani kuti mukakhala pansi kapena kugwada thupi lanu lonse likukankhira madzi mu nsalu pa kamalo kakang'ono. N'chifukwa chake 5,000mm imakhala bwinobwino mukaimirira, koma mukangokhala pa mpando wonyowa wa chikepe chokwezera anthu kuphiri, kumbuyo konse kwanyowa. Kwa wa ski wongoyesa masiku awiri atatu 10,000mm ikwana. Wa snowboard ndimamuuza kuti ngati thumba likulola afike ku 15,000 kapena 20,000, chifukwa iyeyo amakhala pansi pafupipafupi pomanga ndi kumasula miyendo, ndipo akagwa amagwera matako kapena mawondo. Pamakhalanso nambala yachiwiri ya magalamu, imeneyo ikunena kuchuluka kwa nthunzi ya thukuta yomwe nsaluyo imatulutsa pa maola 24. Ikachepa kwambiri munyowa ndithu, osati ndi snow koma ndi thukuta lanu lomwe, ngati mwavala jumbo.

Dzina la Gore-Tex mulimva kwambiri. Ndi kansalu kopyapyala kamene kanachokera ku zomwe Bob Gore anatulukira ku America mu 1969, kali ndi timabowo tating'ono kwambiri moti dontho la madzi silingadutse koma nthunzi imadutsa. Ndi kabwino, komanso n'kodula. Makampani ena ali ndi zawo zomwe zimagwiranso ntchito, musadzipanikize ndi dzina.

Chimene ine ndimayang'ana kwambiri ndi misoko, mwina chifukwa ndi ntchito yanga. Singano iliyonse ikadutsa imasiya bowo. Nsalu ikhoza kukhala ya 20,000mm koma ngati msoko sunamatidwe madzi alowera pomwepo. Ndiye tembenuzani thalauziyo muone ngati pamwamba pa msoko uliwonse pali katepi kosalala komatidwa ndi moto. Zina amamata misoko yonse, zina amangomata malo ochepa omwe akuti ndi ofunikira, ndipo zotchipa zambiri ndi zachiwirizi. Ya misoko yonse ndiye yogula. Ngati ndi ya kaunjika, kandani katepiko ndi chala pang'ono makamaka pa mphechepeche ndi kumbuyo, kakatukuka dziwani kuti kwina konse kali m'njira. Inunkhizeninso, ndikunena zoona. Ikamanunkha mowawasa kapena mkati mukamanata, pulasitiki yamkatiyo yayamba kuola ndipo palibe telala angaibwezere. Ikwezeni padzuwa muone timabowo. Kenako pemphani wogulitsayo mudonthezepo madzi a m'botolo pa ntchafu, madziwo akapanga timipira n'kugubuduka zili bwino, akalowerera nsalu n'kuda ndiye kuti mankhwala ogubuduza madzi omwe amapaka pamwamba pa nsalu atha. Izi zokha sizoopsa, zimabwezeretsedwa, koma mtengo utsike.

Nkhani ya saizi kwa ife azimayi ndi pomwe pamakhala misozi. Ambiri aife tili ndi mbina ndi ntchafu pomwe chiuno n'chaching'ono, ndipo mathalauziwa ambiri anadulidwa mowongoka, ndiye ikakwana m'chiuno siidutsa m'ntchafu, ikadutsa m'ntchafu kumbuyo kumatsala chibowo choti snow ilowe mukagwa. Gulani yokwana mbina, chiuno mudzachepetsa ndi timalamba tomata tomwe timakhala m'mbali. Poyesa muvale leginzi yochindikala mkati, ndipo musangoima pa galasi. Njutani mpaka pansi, kwezani bondo limodzi, weramani ngati mukumanga nsapato. Pakakoka pa mawondo kapena msana ukaonekera, si yanu. Shell zambiri sizitamuka ngati leginzi, sizidzakuzolowerani. Ndipo samalani ndi nambala, 12 wa ku UK ndi 8 wa ku America, pa belo zonsezi zimasakanikirana.

Pali zina zokhala ngati ovololo, zofika pachifuwa ndi malamba pamapewa. Zimatchinga bwino, snow siilowa kumsana ndipo palibe chokufinyani pamimba. Koma funsani funso lomwe amuna ogulitsa sangakuuzeni: kuchimbudzi mukatani? Yabwino imakhala ndi zipi yaitali m'mbali kapena yozungulira kumbuyo kuti mbali yakumbuyo itsike osavula jekete. Yopanda zimenezi mudzavula zonse zapamwamba m'kachimbudzi kozizira, pa phiri la mamita opitirira 3,000, zala zitauma. Ine imeneyo sindingamulole mwana wanga kugula.

Zina n'zachangu. Pakhale mazipi pa ntchafu otulutsira mpweya mukatenthedwa. Kunsi kwa mwendo mkati mukhale kansalu kena ka lasitiki kogwira nsapato kuti snow isakwere, ndipo kamwa la mwendo likhale lalikulu chifukwa nsapato za masewerawa ndi zazikulu ngati gambusi. Mkati mwa akakolo pakhale chigamba cholimba, m'mphepete mwa ski ndi chitsulo chakuthwa, chimacheka nsalu.

Apa ndi pomwe ndimakana ndalama za anthu. Mukabwera kuti ndidule miyendo, kansalu ka lasitiki kaja ndi chigamba chija zili pomwe ndiyenera kudulapo. Zimatheka kudula pakati pa mwendo n'kulumikizanso, koma msoko watsopanowo ufunika tepi yake ndi simbi yotentha moyenera, ndipo tepiyo kuno sipezeka wambawamba. Telala akangoyendetsa makina ngati akupinda yunifolomu, wakubowolerani mzere wonse wa madzi. Bola kusaka yolembedwa short kapena petite ngati ndinu wamfupi ngati mtsikana uja.

Pochapa musaikande pa mwala, musaviike mu sopo waufa usiku wonse, ndipo mankhwala ofewetsa zovala aja asayandikire n'komwe, amatseka timabowo ndi kupha zija zogubuduza madzi. Sopo wamadzi pang'ono, madzi ofunda, tsukuluzani kawiri katatu, yanikani pamthunzi. Ngati lebulo ikulola, simbi yofunda chabe mutayala kansalu pamwamba imadzutsanso mankhwala a pamwambawo.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti ayimbire achemwali akewo afunse zobwereka kapena akagule limodzi ku Johannesburg komwe angayese ndi kusintha saizi, ndipo ndinamulembera pa kapepala: 10,000mm kupita m'mwamba, misoko yonse yomata, mazipi a pa ntchafu, njuta usanalipire. Yakuda ija anaisiya pa shopu, ndachotsako mazipi ake awiri, akadali abwino.