Kanema woyima payekha sanabwere ndi matipate

Anthu ambiri kuno ku Kasungu amakhulupirira kuti nyumba za kanema zosakhala za boma zinayamba mu 1994, pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unatha. Maganizo amenewa ndi olakwika. Nthawi ya Kamuzu Banda, mwana wa boma lino, dziko lino linalibe kanema ngakhale mmodzi, ndipo matipate atabwera panadutsanso zaka 5 Television Malawi isanayambe kuwulutsa mu 1999. Iyonso inali ya boma, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC.

Oyima pawokha anabwera mochedwa chifukwa ankayenera kupeza chiphaso ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, komanso zipangizo zowulutsira zinali zodula kwambiri. Pakati pa oyambirira panali Luntha TV ya ku Balaka, ya ansembe a Montfort, imene mapologalamu ake ambiri ndi Misa ndi maphunziro a chikhulupiriro. Zodiak, yomwe ambiri amaiona ngati kanema wakale, inayamba ngati wailesi mu 2005, ndipo zithunzi zinadza patapita zaka zingapo.